Kusankha Pakati pa Kaliwo wa Peterson ndi wa Savinelli Pamene Mitengo Yake Ili Yofanana

Akaliwo abwino sapezeka m'magolosale a m'tauni ya Zomba monga mmene zimapezekera ndudu ndi machesi. Munthu amene watsimikiza mtima kugula kaliwo wa dzina lodziwika amadalira m'bale amene akubwera kuchokera ku Joni kapena ku Mangalande, apo ayi amaitanitsa pa intaneti n'kudikira katunduyo kwa milungu ingapo. Pa njira zonse ziwirizi mwayi wobweza chinthu chimene sichinakusangalatseni ndi wochepa kwambiri, chifukwa ndalama yotumizira kaliwo kubwerera kumene wachokera ikhoza kufanana ndi theka la mtengo wake. N'chifukwa chake kusankha kuyenera kuchitika bwino ndalama isanatuluke m'thumba. Mayina awiri amene wogula amakumana nawo pafupipafupi ndi Peterson wa ku Ireland ndi Savinelli wa ku Italy, ndipo akaliwo awo a pamlingo woyambira amagulitsidwa pa mitengo yoyandikana, mozungulira madola 100 a ku America kapena kupitirirapo pang'ono, malingana ndi mtundu wake komanso sitolo yake.

Ndisanapite patali ndiyenera kunena momveka kuti palibe kaliwo amene amachotsa kuopsa kwa fodya. Utsi wa m'kaliwo umayambitsa khansa ya m'kamwa, ya pakhosi ndi ya m'mapapo, komanso matenda a mtima ndi a nkhama, ndipo ngoziyi ilipo ngakhale kwa munthu amene saumeza utsiwo. Dziko lathu, ngakhale kuti chuma chake chimadalira fodya, linalowa m'pangano la bungwe la WHO lochepetsa kusuta m'chaka cha 2023. Malangizo awa ndi a munthu wamkulu amene amasuta kale ndipo akufuna kuti ndalama yake isapite pachabe. Amene sanayambe kusuta, asayambe chifukwa choona kukongola kwa kaliwo.

Makampani onse awiri ndi akale ndipo mbiri yawo ndi yabwino. Peterson inayamba ndi abale a banja la Kapp m'chaka cha 1865, ndipo dzina limene tikulidziwa lero linabwera ndi mmisiri Charles Peterson, wochokera ku Riga, amene anagwira nawo ntchito ku Dublin. Savinelli inayamba ngati sitolo ya Achille Savinelli mumzinda wa Milan m'chaka cha 1876, ndipo fakitale yake ili kufupi ndi Varese, kumpoto kwa Italy. Onsewa amasema akaliwo awo kuchokera ku briar, chomwe ndi chibuluma cholimba chimene chimamera pakati pa mizu ndi thunthu la chitsamba chotchedwa Erica arborea, chopezeka m'maiko ozungulira nyanja ya Mediterranean. Briar amapirira moto, amamwa chinyezi pang'ono ndipo sawonjezera fungo lake pa fodya. Pa mlingo wa mtengo umene tikukambawu, briar wa makampani awiriwa sasiyana mokwanira kuti inu musankhe potengera iyeyo. Zaka za kampani nazonso sizikuthandizani, chifukwa zaka 11 zimene zikuwasiyanitsa sizisintha kanthu pa kasutidwe ka kaliwo amene afike m'manja mwanu.

Kusiyana kwenikweni kuli pa mmene aliyense amathanirana ndi madzi. Fodya akamapsa amatulutsa nthunzi, ndipo nthunziyo ikafika pamalo pozizira m'kati mwa khosi la kaliwo imasanduka timadzi towawa. Timadziti ndi timene timachititsa kaliwo kulira ngati akuwira mukamakoka, ndipo tikachuluka timafika pa lilime. Aliyense amene zinamuchitikirapo amadziwa kuti zimaononga kusuta konse kwa tsikulo. Kuno ku Zomba vutoli limakula m'nyengo ya mvula, kuyambira Novembala mpaka Epulo, pamene fodya amamwa chinyontho cha mumpweya ngakhale atasungidwa m'chitini, ndiponso m'mamawa wa Juni ndi Julayi pamene kuzizira kotsika m'phiri kumachititsa nthunzi kusanduka madzi mofulumira. Makampani awiriwa anapeza mayankho osiyana pa vuto limodzili, ndipo yankho limene likugwirizana ndi khalidwe lanu ndilo liyenera kukutsogolerani.

Yankho la Peterson ndi kaliwo wotchedwa System, amene Charles Peterson anamukonza kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1890. M'khosi mwa kaliwo ameneyu muli kadzenje koboola motsikira pansi, ndipo kabowo kodutsa utsi kuchokera ku fodya kamatulukira pamwamba pa kadzenjeko. Madzi amagwera m'kadzenjemo, utsi n'kupitirira kupita kukamwa uli wouma. Chigawo chakuda cholowa m'kamwa, chimene ogulitsa amachitchula kuti stem, chimangokankhidwira m'khosi limene lavekedwa chitsulo chonyezimira, ndipo mukhoza kuchizula kaliwo akadali wofunda popanda kuthyola kanthu. Ubwino waukulu wa njira imeneyi kwa ife ndi wakuti sifuna kugula china chilichonse chosinthitsa. Kuipa kwake n'kwakuti kadzenje kaja kamafuna kupukutidwa nthawi iliyonse mukamaliza kusuta. Mumazula stem, n'kutaya timadzito, kenako n'kupinda kapepala kofewa kapena kawaya kotsukira kokulungidwa ndi thonje n'kupukuta mpaka kapepalako katuluke kopanda utoto wa bulauni. Mukanyalanyaza kwa mlungu umodzi wokha, kaliwo amayamba kununkha ndipo fodya aliyense amene mwaikamo amamveka wowawasa. Komanso ngati mwagoneka kaliwoyo chammbali musanataye madzi, amatsikira m'stem n'kukudikirani.

Yankho la Savinelli ndi fyuluta ya balsa, kathabwa kopepuka kwambiri kosemedwa mwa ngodya zitatu, kamene kamalowa kumapeto kwa stem. Yofala kwambiri ndi ya mamilimita 6, ngakhale kuti ilipo ya mamilimita 9. Chifukwa chakuti kathabwako kali ndi ngodya zitatu pamene bowo ndi lozungulira, utsi umadutsa m'mbali mwake momasuka, ndipo balsa amamwa madzi pamodzi ndi phula lina. Ntchito yake ndi yochepa, popeza mumangochotsa kathabwa kakale n'kuika katsopano. Koma apa ndi pamene munthu wa ku Matawale kapena ku Chinamwali ayenera kuwerengera bwino. Fyuluta imodzi imakwanira kusuta kawiri kapena katatu. Ngati mumasuta kawiri pa tsiku, ndiye kuti mukufuna fyuluta imodzi tsiku lililonse, zomwe ndi 365 pa chaka, kapena mapaketi oposa 18 a mafyuluta 20. Mafyulutawa ndi opepuka ndipo si odula kumene amagulitsidwa, koma akakutherani pakati pa chaka simungathamangire kumsika kukagula ena. Musaganize zochapa fyuluta yakale n'kuiyanika kuti muibwezeremo, chifukwa zimene inamwa zimabwerera mu utsi, ndipo fyuluta yonyowa yosiyidwa m'kaliwo m'nyengo ya dzinja ikhoza kuchita nkhungu.

Mwamwayi, akaliwo ambiri a Savinelli amabwera ndi kapaipi kakang'ono ka pulasitiki, kotchedwa adapter, kamene mumaika m'malo mwa fyuluta, ndipo kaliwoyo amasutika ngati wina aliyense wopanda fyuluta. Kachidutswa kameneka n'kakang'ono moti kamatayika mosavuta m'bokosi, choncho funsani wogulitsa ngati kalimo musanalipire. Ena amasuta opanda fyuluta ndiponso opanda adapter, ndipo zimatheka, kungoti mpweya umadutsa wambiri ndipo fodya amapsa msanga ngati simukoka modekha. Ndibwerezenso kuti fyuluta ya balsa imachepetsa madzi, koma sichititsa utsi kukhala wabwino pa thupi.

Dziwaninso kuti dzina la kampani palokha silikuuzani zimene zili m'kati. Akaliwo a Peterson monga Aran ndi Donegal Rocky alibe kadzenje ka System, ndipo ena a Peterson amalandira fyuluta ya mamilimita 9. Savinelli nayo inapangapo mtundu wotchedwa Dry System umene umatsanzira nzeru ya kadzenje ija. Choncho werengani mawu ofotokoza kaliwo weniweni amene mukufuna, osangodalira dzina limene lili pabokosi.

Chachiwiri chofunika kuchiganizira mofatsa ndi chimene stem yapangidwira, ndipo nkhani imeneyi ambiri amaidumpha chonsecho ndi imene imakhudza mano anu tsiku ndi tsiku. Pali vulcanite, yomwe ndi labala wolimbitsidwa ndi sulufule, ndiponso pali acrylic, yomwe ndi pulasitiki yolimba yonyezimira. Vulcanite ndi yofewerapo ndipo imakhala bwino pakati pa mano, makamaka kwa munthu amene amaluma kaliwo manja ali pa ntchito ina. Vuto lake ndi dzuwa, malovu ndi chinyezi. Stem ya vulcanite ikasiyidwa pawindo lolowa dzuwa kwa miyezi ingapo, kuda kwake kumayamba kufwifwa kuyambira pamene pamakhudza milomo, kenako imasanduka yobiriwira motuwa, ndipo mukaiika pa lilime imamveka kuwawa kwa sulufule. Imakonzeka poipala ndi sandipepa wosalala kwambiri n'kuipaka kamafuta, koma ndi ntchito yobwerezabwereza. Acrylic sisintha mtundu ngakhale patapita zaka zambiri, kungoti ndi yolimba pa mano ndipo ikagwa pa simenti ikhoza kuthyoka. Akaliwo a System kwa nthawi yaitali akhala akubwera ndi vulcanite, pamene mitundu yambiri ya Savinelli ya masiku ano imabwera ndi acrylic, koma makampani onse awiri amagwiritsa ntchito zonse ziwiri pa mitundu yosiyanasiyana. Maganizo anga ndi akuti m'nyengo yathu ino, munthu amene alibe mtima wopukuta ndi kusunga kaliwo m'kabati mopanda kuwala asankhe acrylic. Munthu amene mano ake ndi ofooka kapena amene amavala mano oikirira angapindule ndi vulcanite, bola avomere kuisamalira.

Pa stem pomwepo pali kusiyana kwina kumene kumagawanitsa osuta kwambiri. Peterson ali ndi mapeto otchedwa P-Lip, amene analembetsedwa m'chaka cha 1898. Bowo lotulukira utsi lili pamwamba, kotero kuti utsi umalunjika kumwamba kwa m'kamwa m'malo mogunda nsonga ya lilime, ndipo pansi pake pali kamalo kotsamirapo lilimelo. Cholinga chake n'kuchepetsa kupsa kwa lilime. Ena amakonda kwambiri, ena amati kukoma kwa fodya kumachepa ndipo kumwamba kwa m'kamwa ndi kumene kumatentha. Mapeto a masiku onse, ophwatalala, okhala ndi bowo lotambalala kutsogolo, amatchedwa fishtail, ndipo ndi amene ali pa akaliwo ambiri a Savinelli komanso pa ena a Peterson. Ngati simunagwirepo P-Lip m'kamwa mwanu, ndipo mukugula kaliwo mmodzi yekha woti mukhale naye zaka, fishtail ndi chisankho chotetezeka. Ngati lilime lanu limapsa kawirikawiri ngakhale mukusuta modekha, P-Lip ndi woyenera kumuyesa.

Kukula kwa kaliwo kuyenera kugwirizana ndi fodya amene mumasuta komanso nthawi imene muli nayo. Fodya wa chikopa, wofukizidwa ndi utsi, ndi wamphamvu kwambiri, ndipo makampani ena a ku England monga Gawith Hoggarth wa ku Kendal amatchula fodya wa ku Malawi wa mtundu umenewu m'zosakaniza zawo zakuda. Fodya wotere, kaya wabwera m'chitini kaya mwagula masamba kwa mlimi, amafuna kaliwo wa bowo laling'ono, apo ayi mutu umazungulira musanafike pakati. Fodya wa bale ndi wopepukirapo ndipo amapsa bwino m'bowo lapakatikati. Fodya wonunkhiritsa wochokera kunja, amene amathiridwa vanila kapena zotsekemera zina, ndi amene amatulutsa madzi ambiri, ndipo ndi pamene kadzenje ka System kapena fyuluta ya balsa zimaonetsa phindu lake. Mabowo ambiri amakhala a mamilimita 18 mpaka 22 m'mimba mwake. Pa akaliwo a System, amene kukula ndi maonekedwe awo zimadziwika ndi nambala, 317 ndi wamng'ono, 314 ndi 303 ndi apakatikati, 312 ndi wokulirapo, pamene 307 ndi wamkulu ndithu. Pa Savinelli, zilembo KS zikutanthauza kuti ndi wamkulu kuposa anzake a maonekedwe omwewo. Nambala 320 KS ndi wotchuka kwambiri chifukwa amadzaza bwino m'dzanja, koma ndi wonenepa ndipo sayenera munthu wofuna kumuluma kwa nthawi yaitali, pamene 626 ndi wokhota pang'ono komanso wopepukirapo. Yang'anani kulemera kumene sitolo yalemba. Kaliwo wowongoka wopitirira magalamu 45 amatopetsa nsagwada, koma wokhota amalendewera pansi ndipo kulemera kwake sikumveka kwambiri.

Za kunja kwa kaliwo sizifuna mawu ambiri. Wosalala amaonetsa mizere ya briar ndipo amakwera mtengo, pamene wokakala, kaya wogobedwa ndi chitsulo kapena wopoperedwa mchenga, amatsika mtengo, sapulumuka m'manja a thukuta ndipo sakandika msanga. Kasutidwe kake n'chimodzimodzi. Ngati ndalama ndi yomweyo, kawirikawiri wokakala amakupatsani mtundu wapamwamba kuposa wosalala.

Mukamaliza kusankha kampani ndi mtundu, ntchito yaikulu imakhala isanathe, chifukwa akaliwo awiri a nambala imodzi ochokera m'fakitale imodzi akhoza kusiyana. Pa mlingo wa mtengo uwu akaliwo amapangidwa ambirimbiri ndi makina kenako n'kumalizidwa ndi manja, ndipo wina amatuluka woboola bwino, wina wophonyeka pang'ono. Ngati m'bale wanu ndi amene akukagula m'sitolo, mutumizireni malangizo pa WhatsApp asanapite, ndipo mumupemphe kuti akuimbireni ali m'sitolomo. Choyamba aunikire m'bowo la fodya ndi tochi ya foni. Kabowo ka utsi kayenera kutulukira pansi penipeni ndiponso pakati, osati chammbali. Kakakhala pamwamba kwambiri, fodya wapansi sapsa ndipo amatsala wonyowa nthawi zonse. Chachiwiri apemphe kawaya kotsukira, kaja kokulungidwa ndi thonje, n'kukalowetsa kuchokera kukamwa kaliwo ali wolumikiza. Pa kaliwo wowongoka nsonga ya kawayako iyenera kuonekera m'bowo la fodya popanda kukakamiza. Pa wokhota pang'ono ikhoza kufuna kupotoza pang'ono kuti idutse, ndipo ikakana kotheratu ndi bwino kutenga wina. Kuyesa kumeneku sikugwira ntchito pa kaliwo wa System, chifukwa kumeneko kawayako kamalowa m'kadzenje ka madzi monga mmene anakonzera, choncho m'bale wanu asaganize kuti wapeza cholakwika. Pa Savinelli ayambe wachotsa fyuluta.

Chachitatu ndi polumikizira. Stem iyenera kulowa mothina koma mosalira, ndipo pasakhale mpata woonekera kuwala pakati pa stem ndi khosi, kupatula pa System pamene kapangidwe kake kamasiya stem italowa mbali ina yokha. Chachinayi ayendetse chala pakhungu la kaliwo pofufuza timalo tozungulira ta mtundu wosiyana ndi ponse. Timeneti ndi timaenje tachilengedwe timene amisiri amatimata. Kamodzi kapena tiwiri tating'ono panja sitiononga kasutidwe, koma mng'alu kapena dzenje m'kati mwa bowo la fodya ndi chifukwa chokwanira chomusiyira, popeza moto umayambira pamenepo kudya briar mpaka kuboola. Pomaliza asuzumire m'khosi atazula stem. Osuta ambiri akhala akudandaula kuti akaliwo ena a Peterson amakhala ndi utoto wotsalira m'katimo, umene umawawitsa utsi masiku oyamba. Umachoka popukuta ndi kawaya konyowetsedwa ndi mowa waukali woyera, mosamala kuti usadonthere panja chifukwa umasukulutsa utoto.

Ngati mukuitanitsa pa intaneti, sankhani sitolo imene imajambula kaliwo aliyense payekha n'kulemba kulemera kwake, kutalika kwake, kuya kwa bowo ndi chimene stem yapangidwira. Sitolo imene imaika chithunzi chimodzi cha pakampani pa akaliwo onse ikukubisirani chinthu chimene mukulipira. Masitolo odalirika amavomera kuyesa kawaya kotsukira asanatumize ngati mwapempha m'kalata, ndipo pempho limeneli musalichite manyazi. Chenjerani ndi akaliwo otsika mtengo modabwitsa amene alembedwa mayina amenewa pa misika ina ya pa intaneti, chifukwa achinyengo alipo ndipo ambiri mwa iwo si a briar. Peterson weniweni amakhala ndi dzinalo lodindidwa pa briar pamodzi ndi mawu osonyeza Dublin kapena Ireland, ndipo pa stem yake nthawi zambiri pamakhala chilembo P. Savinelli amakhala ndi nambala ya maonekedwe, mawu akuti Italy ndi kachishango kokhala ndi chilembo S. Zidindo zimenezi ziyenera kukhala zowongoka ndi zowerengeka bwino.

Mitengo imene ikuoneka yofanana pa foni ikhoza kusiyana katundu akafika. Onjezani ndalama yotumizira, msonkho umene a MRA amalipiritsa pa katundu wolowa m'dziko, ndiponso zimene banki imadula posintha kwacha kupita ku dola, yuro kapena randi. Kuyambira pamene kwacha inagwetsedwa ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, komanso ndi kusowa kwa ndalama zakunja, kulipira ndi khadi la banki kunja sikukhala kophweka nthawi zonse, ndipo zimenezi zikutanthauza kuti chinthu chofuna kuitanitsa mobwerezabwereza chimakhala chodula kuposa mmene chikuonekera. Ndi pamenepa pamene Savinelli wosutidwa ndi fyuluta amadya ndalama zambiri pa chaka chonse kuposa Peterson. Funsaninso ngati sitoloyo imatumiza ku Malawi ndi njira yokhala ndi nambala yolondolera katundu, chifukwa kabokosi kakang'ono kopanda nambala n'kovuta kukafufuza kakachedwa.

Tsopano ndinene mbali imene ndaima. Kwa munthu amene akugula kaliwo wake woyamba wa briar, amene amasuta kamodzi kapena kawiri pa tsiku ndipo sakufuna ntchito yambiri, ndingamulangize Savinelli wowongoka kapena wokhota pang'ono, wa stem ya acrylic, wokhala ndi adapter, pamodzi ndi mapaketi angapo a mafyuluta oti azigwiritsa ntchito m'miyezi ya mvula yokha. Kaliwo wotere amatsukika mosavuta, kawaya kamadutsa mpaka kumapeto, ndipo madzi akayamba kulira pakati pa kusuta mukhoza kungolowetsa kawayako n'kupitiriza ngati mwaika adapter. Kwa munthu amene wasuta zaka zambiri, amene amakhala pakhonde madzulo kwa ola lathunthu kaliwo ali pakamwa, amene malovu ake amachuluka akamasuta, ndiponso amene kusamalira zipangizo zake amakuona ngati gawo la chisangalalo, Peterson System 314 kapena 303 ndi woyenera kwambiri, ndipo sadzafunanso kupempha aliyense kuti amubweretsere fyuluta. Munthu amene sindingamulangize System ndi uja amene amaponya kaliwo m'thumba la jekete akangomaliza kusuta n'kukwera minibasi, chifukwa madzi a m'kadzenje aja adzathera m'stem ndi m'chovala.

Akaliwo osemedwa amene nthawi zina amapezeka pa ziboliboli, monga kwa amisiri a m'njira yokwera ku Ku Chawe, ndi okongola pa shelefu, koma musawayerekeze ndi awiriwa pa nkhani yosutira. Ziboliboli zambiri zimapakidwa polishi wa nsapato kapena vanishi, ndipo zinthu zimenezi siziyenera kukumana ndi moto pafupi ndi kamwa.

Kaliwo akafika, kaya ndi uti mwa awiriwa, masiku oyamba ndi amene amaonetsa ngati mwagula bwino, ndiye musafulumire kumuweruza. Muzimudzaza theka lokha kwa maulendo angapo oyamba, muzikoka pang'onopang'ono, ndipo akatentha moti simungamugwire m'dzanja, musiyeni azizire kenako muyatsenso. Gwiritsani ntchito machesi kapena laita ya lawi lofewa, osati ija yolira ngati ya owotcherera zitsulo, chifukwa imapsereza m'mphepete. Pang'onopang'ono m'kati mwa bowo mumayamba kumata chikhungu chakuda, ngati nkhoko za nsima m'poto, ndipo chimenechi chimateteza briar ku moto. Chisapitirire milimita imodzi kapena imodzi ndi theka, chifukwa chikanenepa chimakankha khoma n'kuling'amba. Pa Savinelli ndi pa Peterson amene si wa System, musazule stem kaliwo ali wotentha, popeza polumikizira pamakhwepa kapena kuthyoka. Mukamaliza kusuta, khutulani phulusa pogogoda pachikhatho, osati pa simenti kapena pa mwendo wa mpando, dutsitsani kawaya, ndipo mumupumitse tsiku limodzi ngati n'kotheka kuti aume bwino. M'nyengo ya mvula kuuma kumachedwa, choncho muikeni pamalo podutsa mpweya, mutu uli pansi, kutali ndi mbaula ndi dzuwa.

Mawaya otsukira ndi amene mudzawasowe msanga kuposa china chilichonse, choncho aitanitseni m'bokosi lomwelo la kaliwo kuti musalipire kawiri ndalama yotumizira. Munthu wosuta kawiri pa tsiku amagwiritsa ntchito mawaya oposa 700 pa chaka ngati akutsuka nthawi iliyonse. Pa P-Lip sankhani mawaya opyapyala, chifukwa bowo lake la pamwamba ndi laling'ono ndipo okhuthala amakakamira. Muonjezepo kachitsulo kotsenderera fodya, kamene kamakhala ndi supuni yaing'ono ndi singano yoboolera, ndipo ngati mwasankha Savinelli, pemphani adapter yachiwiri yosunga padera.